Ngolo ikaduka pamtsetse, ndani aiimitse?

Kodi kachipangizo komanga mabuleki ngolo ikaduka n'kotani?

Ngolo iliyonse yokokedwa ndi galimoto, kaya ndi kalavani yogonamo anthu apaulendo, kaya yonyamula boti, kaya yonyamula mabelo a fodya, imadalira galimotoyo poyenda ndi poima. Ikalekana ndi galimoto ili pa liwiro, kuyendako imapitiriza yokha, koma woiimitsa palibe. Pa ngolo za mabuleki amagetsi, zimene zafala ku America ndi ku Australia, vutoli analithetsa ndi kabokosi ka swichi kamene kamakhala pamphuno pa ngolo. M'kabokosimo mumalowa pini ya pulasitiki, piniyo imamangidwa ku waya wachitsulo, ndipo wayayo amakoletsedwa ku galimoto. Ngolo imakhala ndi batire lakelake la mavoti 12. Pini ikakhala m'malo mwake imalekanitsa tizitsulo tiwiri kuti magetsi asadutse. Ngolo ikangoduka, waya amakungika, pini imazuka, tizitsulo tija timakhudzana, mphamvu yonse ya batire imathamangira ku maginito a m'madilamu, matayala n'kumangika. Ngolo zambiri zochokera ku South Africa ndi ku Ulaya zilibe magetsi otere. Mabuleki ake amagwira pamene ngolo yayamba kukankha galimoto yomwe ikuchepetsa liwiro, ndipo ikaduka, waya amakoka mkono wa handibuleki ya ngoloyo asanaduke iye mwini. Pa mathiraki aakulu ntchitoyi imagwiridwa ndi mpweya: paipi yofiira ikathothoka, mpweya umathawa ndipo mabuleki a ngolo amamanga okha.

Nanga zimenezi zikukhudza bwanji anthu a ku Chidzolomondo, kumene makalavani ndi osowa?

Makalavani ndi osowadi. Amene amaoneka m'chigawo cha Tete, ku Mozambique, nthawi zambiri ndi a alendo opita kukawedza ku Cahora Bassa kapena odutsa pa Zóbuè ndi pa Calómuè kulowera ku nyanja ya Malawi. Koma ngolo zokokedwa zilipo zambiri, ndipo dera lake ndi lija limene ngolo yoduka imaopsa kwambiri. Chidzolomondo ndi limodzi mwa madera awiri a boma la Macanga, linalo ndi Furancungo, ndipo pamodzi ndi Tsangano ndi Angónia ndi dziko lokwera, lopitirira mamita 1,000 m'malo ambiri, pamene mzinda wa Tete, m'mbali mwa Zambezi, sufika mamita 200. Zolimidwa kumtundaku zimafunidwa kumunsi: fodya amapita ku fakitale ya Mozambique Leaf Tobacco ku Tete, mbatatesi ndi nyemba za ku Tsangano zimapita m'misika ya ku Moatize ndi ku Tete komweko, chimanganso chimodzimodzi. Tanthauzo lake n'lakuti ngolo imatsika ili yodzaza. Ikamabwerera nayonso siibwera yopanda kanthu, imakwera ndi feteleza, simenti ndi malata. Misewu yambiri yolowa m'midzi ndi yadothi, yokumbika ndi mvula ya pakati pa Novembala ndi Epulo, ndipo kugwedezeka kwa m'misewu yotere ndiko kumamasula manati, kumang'amba zowotcherera ndi kusolola mapini. Kuwonjezera apo, msewu wakuno ndi wa aliyense: apanjinga zonyamula makala, anjinga zamoto, ana asukulu, ng'ombe, amayi ogulitsa tomato m'mphepete. Pamsika wa m'mbali mwa msewu, ngolo yoduka ilibe kolowera kopanda munthu.

Ngati swichi yawonongeka koma mabuleki a masiku onse akugwira bwinobwino, vuto lili pati?

Vuto lake n'lakuti palibe chimene dalaivala angamve. Galimoto ikuyenda, akaponda buleki ngolo ikumvera, magetsi akumbuyo akuyaka. Kachipangizoka kamakhala chaka chonse osagwira ntchito, ndipo pa ngolo zambiri kamakalamba osagwirako n'kamodzi komwe, choncho n'zosavuta kukaona ngati chokongoletsa. Koma taonani amene kamamuteteza. Mabuleki a masiku onse amateteza dalaivala, katundu wake ndi galimoto yake, n'chifukwa chake akayamba kufooka amathamangira kwa makaniko. Swichi yodukira ija imagwira ntchito pa nthawi imene dalaivala wapulumuka kale, galimoto yake yapepuka ikupita, ndipo ngozi yatsalira anthu ena. Munthu akanena kuti "ndingopita nayo choncho, ndine wosamala," amakhala akutchova juga ndi miyoyo ya anthu amene sanawafunse. Pamenepa m'pamene nkhani yonse yagona, ndipo n'chifukwa chake yankho la nkhani ino n'louma: ngolo imene inapangidwa kuti izikhala ndi chomangira chodzigwira chokha, chomangiracho chikafa isanyamule katundu n'kulowa mumsewu, kupatula ulendo waufupi, wapang'onopang'ono, wopita kokakonzetsa.

Masamu ake ndi osavuta. Matumba 30 a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 1,500, osawerengera kulemera kwa ngolo. Pamtsetse wotsika mamita 8 pa mamita 100 alionse, ngolo yoyenda yokha imawonjezera liwiro lopitirira makilomita 20 pa ola m'masekondi 10 okha. Ngati inaduka pa 40, yafika kale pa 60, ndipo yayenda mamita oposa 100. Mphamvu ya chinthu choyenda siikula mofanana ndi liwiro, imakula mowirikiza: liwiro likawirikiza kawiri mphamvu imawirikiza kanayi, kotero ngolo ya pa 60 imagunda ndi mphamvu yoposa kawiri ya ngolo ya pa 40.

Koma ngolo ya ekiselo imodzi ikaduka, si imangogwetsa mphuno pansi n'kuima yokha?

Nthawi zina imatero, makamaka pamalo afulati ndi pa liwiro lochepa. Koma mphuno ikakhudza pansi siisankha chochita. Pa tala imakhwekhwereza ikutulutsa moto ndipo imakhotera kumene msewu wapendekera. Pa dothi imatha kuzika mwadzidzidzi, ngolo n'kutembenuzika, katundu n'kuuluka. Ngati katundu anamuunjikira kumbuyo, mphuno siigwa n'komwe, imadzuka m'mwamba ngolo n'kumathamanga ndi matayala ake. Ngolo za maekiselo awiri otalikirana, monga zambiri zokokedwa ndi thirakitala, zimaima zokha pa matayala anayi ndipo zimayenda mpaka zitapeza chogunda. Ikadukira pachikweza imabwerera chambuyo, kukakumana ndi amene akuitsatira, amene alibe nthawi yoti apatuke. Tisaiwale kuti ngolo za mathirakitala zimenezi ndi zomwe zimanyamula anthu tsiku la maliro, la ukwati kapena la msika.

Tcheni silikwanira?

Tcheni ndi lofunika, ndipo ngolo yopanda tcheni isayende. Koma tcheni ndi buleki zimagwira ntchito zosiyana. Tcheni limaletsa ngolo kuthawa, silimaichepetsa liwiro. Chokokera chikamasuka ngolo n'kutsala pa tcheni, imakhala ikukankha ndi kukoka galimoto mosinthanasinthana, ndipo dalaivala akaponda buleki mwamantha, mphuno ya ngolo imalowa kunsi kwa galimoto kapena kuikankhira kumbuyo kwake cham'mbali. Komanso tcheni limalimba molingana ndi pamene lakoletsedwa. Matcheni ambiri amene timaona anawotcheredwa pa chitsulo chomwecho chimene chagwira mpira wokokera, moti chitsulocho chikathyoka, mpira ndi tcheni zimapita limodzi ndi ngolo. Ena amamanga ndi waya wa mpanda kapena bauti ya dzimbiri, zomwe zimaduka pa kugwedeza koyamba. Kumanga koyenera n'kwakuti matcheni awiri apingasane kunsi kwa mphuno ya ngolo, kuti ikagwa aiwakhe isazike pansi, atalike mokwanira kukhota koma asakhwekhwere, ndipo akoletsedwe pa chitsulo cha galimoto chimene sichingachoke pamodzi ndi mpira. Waya wa swichi nayenso akhale ndi pokoletsa pakepake. Kumukulunga pa tcheni kapena kumukoleka pa mpira ndi kumupha, chifukwa tsiku limene mpira udzachoke, waya adzapita nawo pini isanazuke.

Kodi mfundo imeneyi ili ndi umboni, kapena ndi mantha chabe a opanga malamulo?

Umboni wake unalembedwa ndi sitima zapamtunda kalekale magalimoto asanachuluke. George Westinghouse analembetsa buleki ya mpweya mu 1869, koma inali ndi chilema: paipi ikaduka, mabuleki onse ankafa. Mu 1872 anaitembenuza kuti kuthawa kwa mpweya kuzimanga mabuleki m'malo mowamasula. Makampani ena anazengereza chifukwa cha mtengo, mpaka pa 12 Juni 1889 pamene ku Armagh, ku Ireland, mabogi anadulidwa pachikweza, anawatsekera ndi miyala, nabwerera chambuyo kukagunda sitima ina. Anthu 80 anafa, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata, ndipo chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya ku Britain inalamula kuti sitima zonyamula anthu zikhale ndi mabuleki odzimanga okha. Mozambique ili ndi chilonda chakechake chofanana ndi chimenechi. Pa 25 Meyi 2002, ku Tenga kufupi ndi Maputo, mabogi a anthu anasiyidwa pamtsetse atatsekeredwa ndi miyala, anatsetsereka n'kukagunda mabogi a simenti, ndipo anthu 192 anafa. Sitima si ngolo ya mbatatesi, koma funso ndi limodzi: chinthu cholemera chikalekana ndi injini pamtsetse, n'chiyani chikuchigwira? Sitima za malasha zochoka ku Moatize kudutsa m'Malawi kupita ku Nacala zimayenda ndi yankho la Westinghouse lomwe lija.

Pamsewu, pangano la mayiko la ku Vienna la 1968 limati ngolo yopepuka ndi yosapitirira makilogalamu 750 ikadzaza, ndipo yolemera kuposa apo iyenera kukhala ndi mabuleki. Limanenanso kuti mabulekiwo aziimitsa ngolo yokha chokokera chikaduka, kupatula ngolo zina zing'onozing'ono zosapitirira makilogalamu 1,500 zimene zili ndi chomangira chachiwiri monga tcheni. Ku America lamulo la magalimoto amalonda limafuna kuti mabuleki otere akamanga akhalebe omanga kwa mphindi zosachepera 15, nthawi yoti munthu afike n'kutsekera matayala. Ku Mozambique malamulo a pamsewu ali mu Código da Estrada wa 2011, ndipo zolembetsa magalimoto ndi ziphaso zili m'manja mwa INATRO. Wofuna kuyendetsa ngolo yolemera ayambe wafunsa kumeneko za gulu la laisensi ndi mapepala a ngoloyo, asadikire kuzimva kwa apolisi a pamsewu.

Nanga kumangika kwadzidzidzi kwa matayala sikungabweretse ngozi kokha?

Kungathe, ndipo amene amanena zimenezi sakunama. Waya akakhala wamfupi kwambiri, pini imazuka pokhota, matayala a ngolo n'kumangika galimoto ili paulendo. Waya akakhala wautali n'kumalendewera, chitsa kapena mwala wa mumsewu wadothi umamukola. N'chifukwa chake madalaivala ena oyenda m'tchire amachotsa wayayo dala. Koma tiyeni tiyeze ngozi ziwirizi. Mabuleki akamanga molakwika ngolo idakali yolumikizidwa, galimoto imalemera, matayala amakhwekhwereza, dalaivala amamva nthawi yomweyo ndipo amaima. Chowonongeka ndi tayala kapena nsapato za buleki. Ngolo imene ikukoka chambuyo imakondanso kuwongoka m'malo mopinda. Ikaduka yopanda buleki, palibe amene ali ndi ulamuliro pa iyo. Ngozi yoyambayo mankhwala ake ndi kuyeza bwino kutalika kwa waya, kumudutsitsa pamwamba pamene sangakoledwe, kapena kugula waya wopotana ngati sipuling'i amene salendewera. Kuchotseratu waya n'kuthetsa vuto laling'ono pobweretsa lalikulu.

Swichi imawonongeka m'njira ziti, ndipo munthu atani zikamuchitikira ali kutali ndi tauni?

Kuwonongeka kwake kuli mitundu iwiri, ndipo wosaoneka ndi umene uli woipa. Mtundu woyamba ndi pamene pini yazuka, yathyoka kapena yatayika. Apa mabuleki amamanga osamasula, madilamu amatentha, fungo la chopserera limamveka, ndipo batire limatha. Kupitiriza ulendo chonchi kumawotcha maginito ndi girizi wa m'mabering'i, ndipo tayala likhoza kuyaka. Ngati pini ilipo, ibwezeredwe m'malo mwake mpaka italowa yonse. Ngati yatayika, musatsekemo msomali kapena waya, chifukwa chitsulo chimadutsitsa magetsi ndipo chikhoza kukanirira osazukanso. Chotheka n'kumasula waya mmodzi wamagetsi wa swichiyo n'kumukulunga ndi tepi kuti matayala amasuke. Mukatero mabuleki oponda ndi phazi amagwirabe, koma chitetezo cha poduka chapita, ndipo ngoloyo tsopano ili m'gulu la zopita kokakonzetsa basi. Mtundu wachiwiri ndi wachete: waya wadyeka ndi dzimbiri mpaka watsala tiulusi, tizitsulo ta mkati tadzaza matope moti pini ikazuka magetsi sadutsa, pini yamatirira ndi fumbi, kapena, chimene chimachitika kawirikawiri, batire linafa kale ngolo itaimikidwa miyezi yonse ya dzinja. Swichi yatsopano pa batire lakufa n'chimodzimodzi kusakhala nayo.

Ulendo wopita kokakonzetsa uli ndi malamulo ake. Katundu atsitsidwe, anthu asakweremo, chokokera chiyang'anidwe kuti chatseka ndipo chili ndi pini yotsekera, matcheni apingasane, liwiro likhale la thirakitala, ulendo ukhale wamasana, ndipo njira ikhale yopewa mtsetse waukulu ndi tsiku la msika. Ngati palibe njira ina koma yotsika phiri, ndi bwino ngolo itsale, swichi ndiyo ibwere. Ndi kachipangizo ka mawaya awiri ndi bauti imodzi, kokwana m'thumba la malaya, ndipo amakaniko a zamagetsi a galimoto ku Ulongué kapena ku Tete akhoza kukaika m'kanthawi kochepa.

Munthu angadziwe bwanji kuti kakugwira ntchito?

Poyesa, ndipo kuyesako sikufuna chida. Ngolo ikhale yokoledwa ku galimoto pamalo afulati. Zulani pulagi ya magetsi imene imalumikiza ngolo ndi galimoto, kuti mutsimikize kuti mphamvu ikuchokera ku batire la ngolo komanso kuti musawononge chowongolera mabuleki cha m'galimoto. Kenako zulani pini, lowetsani giya yoyamba, yesani kusuntha pang'ono. Matayala a ngolo ayenera kukana. Akagudubuzika, china chake chafa: batire, swichi, mawaya kapena mabuleki enieniwo. Bwezerani pini msanga, chifukwa kuisiya kunja kumamaliza batire ndi kutenthetsa maginito. Pa chifukwa chomwechi, pini si handibuleki yoimikira ngolo usiku. Pa ngolo za mabuleki okankha, kokani handibuleki muone ngati ikugwira matayala onse, ndipo yang'anani waya kuyambira pa ngowe mpaka pa mkono. Kuyesaku kuchitike ulendo wautali usanayambe, ndiponso nthawi iliyonse ngolo ikakhala itaima nthawi yaitali kapena itawoloka madzi ndi matope.

Mlimi amene fodya wake akudikira msika sangataye masiku chifukwa cha kachidutswa ka pulasitiki. Kodi uku si kulankhula kwa anthu okhuta?

Kutsutsa kumeneku n'kolemera kuposa kwina konse, ndipo sikuyenera kunyozedwa. Nyengo yogulitsa ndi yaifupi, mbatatesi zimawola, lole yaganyu ndi yodula, ndipo shopu ya zipangizo ili kutali. Komatu umphawi womwewo ndi umene umachititsa kuti ngozi ikhale yosapiririka. Mwini ngolo amene alibe inshuwalansi, ngolo yake ikapha munthu kapena ng'ombe, amataya ngolo, katundu, mwina galimoto, ndipo mlandu umamupeza kupolisi ndi kwa amfumu komwe. Wovulala naye ali kutali ndi chithandizo: kuchoka m'midzi ya ku Macanga kukafika ku chipatala chachikulu cha ku Tete ndi ulendo wa maola. Kumene thandizo lili kutali ndi kumene kupewa kuli ndi phindu lalikulu. Ndipo kutaya masiku kumabwera chifukwa chozindikira mochedwa. Mlimi amadziwa mwezi umene adzafune ngolo. Kuyesa mabuleki mu Malichi, fodya adakali m'zigafa, kumapatsa mpata wotuma munthu wopita ku tauni. Pini yapadera ndi waya wapadera zikhoza kukhala m'galimoto chaka chonse osadya kanthu.

Nanga ngolo zowotcherera pompano, zimene zilibe buleki n'imodzi yomwe?

Izi ndiye zochuluka, ndipo nkhani ya swichi ikanakhala yachinyengo ikanazilambalala. Zambiri zimapangidwa ndi ekiselo ya galimoto yakufa, madilamu ake alipo koma osalumikizidwa ku chilichonse. Ngolo yotere njoyenera katundu wopepuka yekha, ndipo malire a makilogalamu 750 aja amawerengera ngolo ndi katundu pamodzi. Ngati ngolo yokha ikulemera makilogalamu 250, malo atsala a matumba 10, osati 30. Popeza ilibe chodzigwira, chitetezo chake chonse chili pa kusaduka. Mpira ndi chikho chake zikhale za saizi imodzi: mpira wofala kuno ndi wa mamilimita 50, pamene zipangizo za ku America zimayezedwa m'mainchesi, ndipo chikho chokulirapo pang'ono chimaoneka ngati chatseka koma chimadumpha pa bampu. Pa thirakitala, pini yokokera ikhale yeniyeni yokhala ndi chotsekera kunsi, osati bauti yongoponyamo. Katundu wolemera akhale pamwamba pa ekiselo ndi kutsogolo kwake pang'ono, kuti mphuno izilemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera konse. Ikapepuka, ngolo imayamba kugwedeza mchira ndipo imanyamula chokokera m'mwamba. Potsika phiri giya yotsika ilowe mtsetse usanayambe, chifukwa mabuleki a pikapu anayezedwa kulemera kwa pikapu, ndipo akatenthedwa ndi ngolo yokankha kumbuyo amafooka pakati pa mtsetse. Pa mathirakitala pali chinanso: mapedulo awiri a buleki amangidwe pamodzi asanalowe mumsewu, apo ayi tayala limodzi limamanga lokha thirakitala n'kupotoloka.

Owotcherera ali ndi gawo lalikulu pano kuposa apolisi. Ekiselo imene akugwiritsa ntchito ikakhala yakumbuyo kwa pikapu, nthawi zambiri imakhala kale ndi tizitsulo ta handibuleki m'madilamu. Kubwezeretsa zingwe zake, kuika mkono pamphuno pa ngolo wokhala ndi mano oti ukakokedwa usabwerere, ndi kumangirira waya wopita ku galimoto, ndi ntchito imene wowotcherera waluso wa ku Furancungo angaithe ndi zitsulo za pa sikilapu. Siifika pa ngolo ya ku fakitale, ndipo iyenera kuyesedwa ndi katundu pamalo afulati opanda anthu isanadaliridwe, koma imapatsa ngoloyo poimikira pachikweza popanda kufunafuna miyala, ndiponso mwayi woima ikaduka. Wogula ngolo ayambe kufunsa zimenezi pokambirana mtengo, chifukwa mmisiri amapanga chimene makasitomala ake amafuna.